Moyo wa Bambo Lameck Mulipa ndi Nsapato Zimene Atisiyira

Malemu amene tawasonkhanira pano, Bambo Lameck Mulipa, anabadwa pa 14 Malichi 1956 ku Phalombe, achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Mu 1964 makolo awo anabwera nawo kuno kudzagwira utenanti pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Kasiya. Anabwera kudzalima chaka chimodzi. Papita zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo chaka chimodzicho sichinathebe.

Sukulu anayamba mu 1965 ku Kabudula, nalekezera Sitandade 8 mu 1972. Ali Sitandade 5, alendo ena achifundo anabwera ndi malaya a ana osauka. Malemu anaitanidwa dzina pamzere wa m'mawa, anaimikidwa patsogolo, anzawo nauzidwa kuti awombe m'manja. Kufikira ukalamba wawo ankati, "Malayawo anandikwana bwino, koma tsikulo silinandikwane."

Atasiya sukulu anayamba kugula mtedza m'midzi pa njinga, n'kumakagulitsa ku Namitete. Pa 8 Ogasiti 1981 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Anesi, mwana wa kuno ku Nsaru, mumpingo wa CCAP. Mayi amatiuza kuti akuchikazi anadandaula kuti mkamwini alibe munda. Malemu anangoti, "Munda ndilibe, koma ndikudziwa kumene kuli minda ya anthu onse." Mu 1987 anatsegula chigayo, mu 1994 anagula lole yoyamba, ndipo pofika 2003 kampani yawo yogula soya, mtedza ndi chimanga inali itafika ku Mpingu ndi ku Nambuma, italemba ntchito anthu oposa zana.

Mu 2006 iwo ndi Mayi anakhazikitsa Thumba la Chifundo la Banja la Mulipa, lophunzitsa ana a matenanti. Thumbali lili ndi chiphaso cha boma, lili ndi komiti, lili ndi chidindo. Chimene lilibe ndi mndandanda wa ana amene limawathandiza. Malemu anakana kuti dzina la mwana aliyense lilembedwe. Lachiwiri lililonse ankakhala pa benchi la kuchigayo ngati munthu wodikira ufa wake, n'kumamva azimayi akucheza: wa uje wasankhidwa ku sekondale, wa uje wabwezedwa chifukwa cha fizi. Mawa lake ankakwera galimoto okha, opanda dalaivala, kukaonana ndi mphunzitsi wamkulu kapena mkulu wa mpingo wa kumeneko, ndipo aliyense ankamulumbiritsa kuti asawatchule. Mwanayo ankangouzidwa kuti pali wina wamukumbuka.

Mwana wawo woyamba, a Joel, amene anaphunzira za kayendetsedwe ka bizinesi, anawapempha kangapo kuti mayinawo alowe mu kompyuta. Yankho linali lomwelo: "Joel, kompyuta yako ili ndi manyazi? Ikakhala nawo udzandiuze." Ife amene tinapita ku yunivesite tinkaseka, tikumati agogo akumudzi safuna zatsopano. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi, mwana wa mlongo wawo, ndinadziwa ndili chaka chachitatu kuti mpingo umene ndinkauthokoza m'mapemphero pondilipirira fizi unali amalume anga.

Pa 19 Julaye chaka chino cha 2024 anagwa ali kuchigayo, matenda ofa ziwalo atawagwira. Anagonekedwa kuchipatala mumzinda milungu itatu, kenako anabwerera kunyumba. Maso ankazindikira aliyense, koma pakamwa ndi dzanja lamanja zinali zitatsekeka. A Eunice, mwana wawo wamkazi, ankakhala pambali pa bedi ndi pepala, kutchula mudzi ndi mudzi pofufuza ana a Thumbalo, kuti mwina bambo awo aphethire diso pa dzina loyenera. Malemu ankayesetsa mpaka misozi. Anatisiya Lachiwiri pa 10 Seputembala, ali ndi zaka 68.

Asiya Mayi Anesi Mulipa, ana anayi, a Joel, a Eunice, a Patson ndi a Hana, zidzukulu zisanu ndi zinayi, ndi mlongo wawo mmodzi, Mayi Faness. Banja likuthokoza abusa ndi akulu a mpingo, amayi a Chigwirizano amene sanatisiye tokha, mafumu amene anapatsa mlendo malo ogona, adzukulu amene akumba manda, madokotala ndi anamwino, antchito a pakampani, ndi abale amene ayenda ulendo wautali kuchokera ku Phalombe. Mzimu wa Bambo Mulipa uuse mumtendere wa Ambuye amene anawatumikira mwakachetechete.

Ndisanakhale pansi, Mayi Anesi andituma mawu amodzi. Dzana, potsegula chipinda chosungiramo katundu kuti titenge mipando, tinapeza makatoni a nsapato za sukulu, mapeyala makumi atatu ndi asanu ndi awiri, zimene malemu anagula asanadwale. Peyala iliyonse ili ndi saizi yake, yosankhidwa ndi munthu amene ankadziwa phazi lake. Dzina palibe. Aphunzitsi ndi akulu a mpingo amene athyola lumbiro lawo atithandiza kupeza ana makumi awiri ndi awiri. Mayi akuti enawo sadzaimikidwa patsogolo pa anthu, ndipo palibe adzawombe m'manja. Bwerani kuseri kwa nyumba, munong'oneze a Eunice. Sukulu zikutsegulidwa Lolemba. Ana khumi ndi asanu otsalawo ndi a yani?