Tadala anadya nafe pa Khirisimasi

Abale anga mwa Ambuye, moni nonse. Chaka chatha ndinataya mkazi wanga, mnzanga wopemphera naye, ndiponso munthu yekhayo amene ankadziwa kutonthoza mwana wathu. Tadala ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi ndipo ali ndi vuto lobadwa nalo lotchedwa otizimu. Phokoso limamupweteka, kugwidwa mwadzidzidzi kumamuopsa, ndipo amalankhula mawu ochepa.

Khirisimasi itayandikira, alamu anga, achimwene ake a malemu, anaimba foni kuti banja lonse likumane kwawo ku Chilinde, tikakambiranenso za mwana. Ndinadziwa kumene nkhaniyo ikulowera. Kwathu ana ndi akuchikazi, ndipo ena anali atanena kale kuti mwamuna yekha sangathe, Tadala apite ku Dedza, kumudzi kwa amayi ake. Pakakhala chisangalalo chotere, mwana amazungulira kupereka moni wa m'manja kwa wamkulu aliyense. Tadala akanakuwa n'kudzigwetsa pansi, mlandu n'kuthera pomwepo. Zimene ndinaphunzira ku koleji sizinandithandize apa. Ndinaganiza zonama kuti mwana wadwala. Koma ndinagwada kaye, kenako ndinalembera alamuwo uthenga wautali wofotokoza zonse zimene zimamuvuta. Sanayankhe.

Tsikulo tinawapeza ataima pageti, sipika ya nyimbo atayizimitsa. Anauza anthu mokweza kuti, "Mwana wa mlongo wangayu palibe womugwira dzanja. Moni wake ndi womukwezera mkono basi."

Azakhali ena anang'ung'udza kuti tikumulekerera.

"Azakhali, dzanjalo lisungeni, mugwirire nkhuku," anatero alamu, anthu n'kuseka.

Alamuwo anali atamukonzera Tadala kachipinda kopanda phokoso ndi mpunga wosathira msuzi, monga ndinalembera. Mwanayo anathawiramo kawiri. Kenako anatuluka yekha, anakhala pamphasa pakati pa asuweni ake n'kuyamba kudya! Atamaliza anawakwezera mkono agogo ake. Abale, ndinaona ndi maso angawa! Za ku Dedza alamu anangoti, "Mwana akhale ndi bambo ake. Ife ndi amene tiziphunzira."

Ndikuthokoza Mulungu amene anandipatsa thandizo kudzera mwa munthu amene ndinkamuopa. Inu amene muli ndi mwana wotere, musatope. Afotokozereni achibale lisanafike tsiku, ndipo pitirizani kupemphera. Ine ndinatsala pang'ono kutsekera mwana m'nyumba mwathu ku Kawale. Chinandiletsa ndi mawu omaliza amene mkazi wanga anandiuza m'chipatala: "Bambo a Tadala, mwanayu musamamubise. Akamudziwa adzamukonda."