Amai Margarida Jonas ndi Masamba Awo a Shuga

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1949 ku Makanga, m'dziko la Mozambiki. Sukulu anaphunzila kwa asisitele mpaka kalasi yachinayi. Mu 1968 anakwatiwa ndi bambo Febian Jonas.

Mu 1987 nkhondo inawathamangitsa, nafika kuno ku Petauke mwana ali kumsana. Mtendele utabwela anzawo ambili anabwelela kwawo, koma iwo anatsala.

Mu 1993, malonda atamasuka, bambo Jonas anatsegula sitolo ku Nyimba. Pakhomo panadzaza shuga, mafuta ophikila ndi zakumwa za m'mabotolo. A Jonas ananenepa kwambili, ife n'kumati ndi madalitso. Mu 1996 kuchipatala cha Minga anawapeza ndi matenda a shuga. Adokotala anafotokoza kuti mafuta akachuluka m'thupi amatupa, ndipo thupi limaleka kumvela insulini, imene imatsitsa shuga m'magazi. Chaka chotsatila a Jonas anatisiya.

Amai sanakhale pansi n'kumangolila. Kuseli kwa sitolo anabzala chammwamba, nimu, magwafa ndi zitsamba zina, nayamba kuumika masamba pamthunzi, kusinja ndi kuviika, kuti athandize ena onenepa. Mwana wawo Ivan, amene ankaphunzila za mankhwala ku Lusaka, ankatenga madzi a masambawo kukawayesa pamodzi ndi aphunzitsi ake. Masamba ena anaoneka kuti akuchepetsa kutupa kwa mafuta, ena ayi. Mu 2000 Ivan atawauza kuti muzu umene ankaudalila kwambili ungawononge chiwindi, amai anauzula wonse tsiku lomwelo, nayenda khomo ndi khomo kukatenga umene anali atagawa kale, osaopa manyazi. Aliyense wobwela kwa iwo ankamuuza kuti, "Mapilitsi a kuchipatala musasiye. Musiye minibasi, tiyende pansi."

Mu Julayi chaka chino cha 2004 chibayo chinawagwila. Anagonekedwa ku Minga, ndipo pa 2 Ogasiti Ambuye anawaitana.

Asiya ana anayi, Ivan, Perpetua, Tadala ndi Felix, komanso zidzukulu zisanu ndi ziwili. Tikuthokoza anamwino, abambo mfumu ndi amai a mumpingo amene mwatigonela pano. Zikomo kwa inunso a ku Kalindawalo amene amai ankakuthandizani: galimoto tinakutumizilani, koma mwaibweza, mwati kwa amai Jonas munthu amabwela ndi miyendo yake.

Amai athu, pitani bwino. Mzimu wanu uuse mumtendele.