Penti yoyera ya a Daka ndi zikhadabo zakuda za amake Tisa

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu nonse. Ine ndine mai Daka wa ku Nyimba, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za nthawi imene amuna anga anatsekeredwa chifukwa cha tayala limene sanagulitse.

Anali masiku a chipani chimodzi, pamene sopo ndi shuga tinkachita kuziimira pamzere. Matayala atsopano ankasowa, choncho malole ambiri a mumsewu wa ku Lusaka ankayendera matayala akale ovekedwa mpira watsopano. Amuna anga ankawaoda ku Lusaka n'kumagulitsa pafupi ndi msika. Tayala lotere limabwera ndi chidindo m'mbali, kuti dalaivala adziwe kuti si latsopano ndipo asaliike kutsogolo, chifukwa likatentha mpira wake umatha kusendeka. Koma a Daka, ndi liuma lawo lija, chidindo chokha sankakhutira nacho. Ankazunguliza penti yoyera m'mbali mwa tayala lililonse, n'kumuuza wogula kuti, "Bambo, ili ni la kumbuyo chabe. Kutsogolo osayesa."

Oyandikana nafe, a Njobvu, ankagulitsanso matayala. Awo anali akuda bii, onyezimira, ndipo ankati ndi atsopano ochokera kunja. Madalaivala ankangodutsa pathu n'kukaima pawo. Posakhalitsa nyumba yawo inafoleredwa malata, ndipo akazi awo, amake Tisa, ankasintha chitenge Lamulungu lililonse. Nsanje inandidya, abale. Fungo la nyama yokazinga likadumpha mpanda, ndiwo zanga zotendera zinkandiwawa m'kamwa. Kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo kwawo, ulaliki wonse maso ali pa duku lawo. Chokhacho chimene chinkanditonthoza chinali zikhadabo zawo, zomwe nthawi zonse zinali zakuda. Ndinkati mumtima, nanga sopo yense amene amagula ndi ndalama zawozo amapita naye kuti?

Amuna anga ndinkawafunsa kawirikawiri ngati pentiyo tidzadye. Iwo ankangoti, "Amake mwana, lole inyamula anthu."

Tsiku lina lole yochokera ku Ndake, yonyamula thonje ndi anthu pamwamba, inasendeka tayala lakutsogolo potsetsereka n'kugubuduzika. Ambiri anavulala, ndipo dalaivala anagonekedwa m'chipatala osatha kulankhula. Apolisi anapeza kuti tayalalo linali lovekedwa, koma chidindo chake chinali chopalidwa. A Njobvu anathamanga kukanena kuti linachokera kwa a Daka. Ndani akanakayika? M'Nyimba monse wogulitsa matayala ovekedwa wodziwika anali mmodzi, amene ankachita kudzilengeza yekha ndi penti. Amuna anga anatengedwa kupita ku Petauke, ndipo anthu ankati ndende sakaizemba.

Ndinalira mpaka mawu kutha. Pemphero langa silinali lokongola ayi. Ndinkati, "Ambuye, wanga ali m'chitokosi, wawo akudya nyama. Kodi mukuona?" Kuseri kwa mpanda wailesi inkalirabe, ndipo ine ndinkamva ngati ikundiseka.

Mulungu anayankha kudzera mwa munthu amene sindinkafuna n'komwe kumuona. M'mawa wina ndikutsuka mbale, amake Tisa analowa pakhomo panga maso ali ofiira. Mayi awo owabereka anali pa lole ija, akubwera kudzawaona, ndipo anali atathyoka msana. Anatambasula manja awo pamaso panga.

"Amai Daka, onani," anatero. "Chidindo amapala na tupa ni a Njobvu. Polishi wa nsapato nimapaka ndine. Tayala ija inachoka pa nyumba pathu. Tiyeni ku Petauke lelo."

Tinakwera basi limodzi, iwo atamanga tupa ndi chitini cha polishi m'chitenge chimene ndinkachisirira kwambiri. Lole iliyonse ikamabwera kutsogolo kwathu, ankayang'ana matayala ake n'kutsinzina. Anandiuza kuti akhala akuchita zimenezi kuyambira chaka chimene anafolera malata.

Ku Petauke ananena zonse, osabisa ngakhale mbali yawo. Wapolisi anapukuta tayala lija ndi parafini, nsanza inada ndi polishi, koma penti yoyera panalibe ngakhale kadontho. Amuna anga anatuluka tsiku lomwelo, ndipo a Njobvu ndi amene anakayankha mlandu.

Titabwerera, amake Tisa anaima pa mpanda akuopa kulowa m'nyumba yawo yamalata ija. Ndinawakoka n'kuwakhazika pamphasa panga. Ndinatenga kachidutswa ka sopo kamene ndinkasungira matenda, n'kuyamba kuwasambitsa manja. Polishi anali atalowerera, sanachoke tsiku limenelo. Tonse awiri tinkangolira.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mayi wowawidwa mtima ngati ine. Inu amene mukugwira ntchito moona koma pakhomo panu pakuoneka pouma, limbikani, musafooke poyang'ana kuseri kwa mpanda. Ife malata tinachedwa kufolera, koma kuchokera nthawi imeneyo, matayala akafika kuchokera ku Lusaka, penti yoyera ija ndinkatakasa ndine. Ambuye akudalitseni.