Magazi a munthu amene sindimudziwa

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ambili mumandidziwa. Ndine uja ndinkagulitsa nthochi pa msewu ku Nyimba. Pakamwa panga panali pakuthwa. Amai a mpingo akabwela kudzandiona, ndinkawauza kuti pemphelo siligula ufa. Ndinkati sindifuna munthu, manja anga andikwanila.

Kenako thupi linayamba kufooka. Nkhama zinkatuluka magazi, m'manja munayela. Ku kiliniki anandipatsa mankhwala a malungo, ulendo wina a chifuwa. Sizinathandize.

Ndinaganiza kuti anzanga a pa msika akundiyamwa magazi, ndipo ndinawatukwana onse. Ndinapita kwa sing'anga ku Mwape, ndipo iye ananditema mphini pamsana. Mabala ang'onoang'ono aja anakana kuleka kukha magazi. Anthu ananditengela kuchipatala ndili chikomokele.

Kumeneko anatumiza magazi anga ku Lusaka kukapimidwa. Yankho linachedwa, ine ndili gone. Litafika, adokotala anati ndi khansa ya m'magazi. Mankhwala ake ali ku Lusaka, koma sindikanafika wamoyo popanda kuikidwa magazi. Magaziwo kunalibe. Sukulu zinali zotseka, ndipo ana a sukulu ndiwo amapeleka kwambili.

Nthawi yoona odwala ikakwana, bedi lililonse linkazungulidwa ndi abale. Ine ndinkatembenukila kukhoma. Panalibe wondinyamula kupita kuchimbudzi. Ndinali ndekha, ndipo ndinkaopa kufa popanda wonditseka maso.

M'mawa wina anesi anabwela ndi kathumba kofiila, nakapachika pamwamba panga. Ndinafunsa kuti magaziwo ndi a ndani.

“Sitiziba, amai,” anatelo. “Munthu chabe anapasa.”

Ndinayang'ana madontho aja akulowa m'dzanja langa, ndipo ndinalila. Munthu wosandidziwa, amene sindidzamuthokoza, anakhetsa magazi ake kuti ine ndikhale moyo. Za Yesu ndinkazimva kuyambila ndili mwana. Tsiku limenelo ndinazimvetsa, ndipo ndinamupatsa moyo wanga pa bedi pomwepo.

Sindikunamizani, sindinachile. Ku Lusaka ndimapitabe, ndipo nthawi zina ndimapeza mankhwala atatha. Koma mantha aja anachoka. Ulemu ukhale kwa Mulungu!

Inu amene muli kutali ndi Iye, musadikile bedi la kuchipatala. Bwelani lelo. Ndipo inu a mphamvu, mukamva kuti akutenga magazi, pitani mukatambasule dzanja. Pali wina wayang'ana kukhoma tsopano lino, akudikila inu.