Mbiri ya a Lezala, Amene Anakana Kumeta Mwana Wawo

Malemu anabadwa pa 9 Febuluwale 1958, ndipo anali achitatu m'banja la ana asanu. Ambirinu dzina lawo lenileni munaliiwala kalekale, mumangoti a Lezala, iwonso ankavomera mokondwa. Sukulu analekezera kupulayimale m'chaka cha 1972. Aphunzitsi awo ankati mutu unalipo, koma unkatanganidwa ndi mitu ya anzawo, poti pa nthawi yopuma ankameta kalasi yonse ndi sizasi ya amayi awo.

M'chaka cha 1979 anatsegula malo ometera pafupi ndi pokwerera mabasi. Munali mpando umodzi, galasi long'aluka pakona ndi benchi ya odikira. Pa 18 Ogasiti 1984 anamanga banja ndi mayi athu akhala apawa.

Chaka chotsatira khungu linayamba kuwavuta. M'zigongono, m'mawondo ndi m'mutu munatuluka zigamba zoyabwa, zoyoyoka ngati ufa. Kuchipatala anati ndi soriyasisi, nthenda yosapatsirana, ndipo anawapatsa mafuta odzola. Komabe makasitomala ena anathawa poopa kutengera. Malemu sanabise mikono yawo. Anapinda malaya n'kumameta otsalawo, mpaka othawa aja anabwerera okha atatopa ndi kuwonongedwa mitu kwina.

Apa tivomereze kulakwa kwathu ngati banja. Kwa zaka zoposa makumi awiri tinkayang'ana khungu lokha. Mimba itayamba kutsogola tinkawayamikira kuti bizinesi ikuyenda, mayi nawo n'kumadzazitsa mbale. Mu Meyi 2009 dokotala wina wa khungu anaumirira kuti awayeze magazi. Anapeza shuga wokwera, mafuta ochuluka m'magazi, ndi zizindikiro zoti kutupa kumene tinkakuona kunja kunalinso m'kati mwa thupi. Anawafotokozera kuti nthendayi kawirikawiri imayendera limodzi ndi shuga komanso matenda a mtima. Malemu anamvera. Anasiya fodya, anayamba kupita kuntchito wapansi, ndipo ankayezetsa magazi kawiri pachaka. Zokazinga anati asiyanso, ngakhale masiku ena ankafika pakhomo milomo ikunyezimira. Kumvera kumeneku kunawaonjezera zaka zambiri, ndipo zakazo tinazidyerera nawo limodzi.

Chimene chinkawasowetsa mtendere ndi mwana wawo woyamba, woyendetsa lole, amene nayenso zigamba zomwezi zinamutuluka atakwanitsa zaka makumi atatu. Iye ankati ali bwinobwino, za masingano oyezera magazi ayi. Komatu chibadwire mutu wake sunagwidwepo ndi wometa wina. Choncho mu Januwale chaka chino malemu anagamula kuti sadzamumetanso mpaka atabweretsa pepala la zotsatira za magazi. Liuma la bambo linakumana ndi liuma la mwana. Tsitsi linakula miyezi inayi, mpaka madalaivala anzake ankamufunsa ngati wayamba zoimbaimba.

Pa 2 Meyi malemu anagonekedwa m'chipatala chifukwa cha vuto la mtima. Pa 6 Meyi mwanayo analowa m'wodi ali ndi pepala m'manja. Pepalalo linasonyeza kuti shuga wa mwanayo anali atayamba kukwera, koma madokotala anati wadziwika pa nthawi yabwino ndipo athandizika. Malemu anawerenga pepalalo kawiri, anaitanitsa makina awo ometera kunyumba, n'kumumeta atakhala pa bedi, anamwino akuonerera. Kumbuyo kwa mutu wa mwanayo sikunalingane, monga mukuonera nokha, koma tsiku limenelo malemu anaseka monga kale. Anatisiya m'mawa wa pa 11 Meyi 2025, ali ndi zaka 67.

Asiya mkazi, ana anayi ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, anzawo ometa amene atseka malo awo lero, ndi inu nonse amene mwatikhalira pafupi masiku ano. Mitima ikutiwawa, sitibisa, koma tikutonthozedwa podziwa kuti anapita atawerenga ndi maso awo pepala limene analidikira. Mzimu wa bambo athu uuse mumtendere.