Wothamanga Waonda, Mlandu Wagwera Mkazi

"Kodi bambowa akuwathamangitsa ndani?" anafunsa mayi wogulitsa nthochi pa siteji ya basi, bambo wa kabudula atadutsa thukuta lili kamukamu. Mayi wina pamzere anausa moyo.

"Ndi amuna anga amenewo. Akupita kuntchito."

"Chothamanga? Inu pa basi?"

"Akukonzekera mpikisano. Shuga anasiya, zokazinga anasiya. Nkhuku amayamba aichotsa khungu."

"Khungu? Pokoma penipenipo! Nanga amadya chiyani?"

"Masamba, mazira owiritsa ndi nthochi zanuzi. Apongozi afika dzulo, kungowaona masaya, misozi. Akuti ndikuwapha ndi njala mwana wawo, ndilongedze ndizipita kwathu."

"Mayo ine! Ndiye mupitadi, achemwali?"

"Ayi. Kuyambira mawa khitchini ndi ya apongozi."