Dzanja Limene Akuti Likunjenjemera

Bwana Rautenberg, eni ake atsopano a nyuzipepala yathu. A mkonzi wamkulu, a Fink. Mayi Hedwig Lindig ndi ana anu. Anzanga akumakina, ndi inu achimwene Ottmar Lindig amene mwatisonkhanitsa lero, ndakuonani nonse.

Amene simundidziwa, ndine Albrecht Nolte, wosindikiza. A Fink andipempha kuti ndilankhule mwachidule ndiponso mokoma. Zachidulezo ndiyesetsa.

Achimwene awa anafika kuno ku Leipzig ali mnyamata woonda, jekete yobwereka, makala ojambulira ali kukhutu. Ntchito yathu mukuidziwa. Wojambula amajambula pamwala, ine ndimapaka inki n'kudinda papepala. Ndiye pamwala umajambula motembenuza ngati pagalasi, chakumanja chimatuluka kumanzere. Aliyense amadziwa zimenezi. Kupatula awa. Chithunzi chawo choyamba chinali cha abishopu akudalitsa mlatho watsopano. Pepala litatuluka, abishopu akudalitsa mzinda wonse ndi dzanja lamanzere! Ansembe anabwera muno akutuluka thovu kukamwa. Mkonzi wa nthawi imeneyo anakuwa, "Lindig, ukufuna kutiphetsa?" Iwo osatekeseka: "Pepani bwana, koma mlathowo sunagwe."

Mukuseka? Mlungu umenewo pepala linatha lonse kusanafike masana.

Munthu uyu saona malo oyera n'kuwasiya. Nsalu ya patebulo, khoma la kuchimbudzi, ngakhale malaya anga ndili chogona. Mayi Hedwig, ndinene za ukwati? Akuti ndinene. Abusa ali mkati molalikira, mkwati ali kalikiliki kujambula apongozi ake kuseri kwa buku la nyimbo. Apongoziwo ataona anati, "Mphunoyo ndi yanga, koma chibwano wandinamizira." Chithunzicho anachisunga mpaka imfa yawo.

Achimwene, zikomo. Mwajambula mameya, apolisi, oweruza, ogulitsa malasha onyowa. Munagonapo kundende chifukwa cha masharubu a mkulu wina wa asilikali, ndipo potuluka munabwera ndi nkhope za alonda onse m'thumba. Anthu osadziwa kuwerenga ankagula pepala lathu chifukwa cha inu. Ana anga akula ndi buledi wochokera m'dzanja lanu. Zimenezi sindidzaiwala.

Tsopano zokoma zatha.

Patsamba loyamba la mlungu uno alemba kuti a Lindig akupuma chifukwa dzanja lawo layamba kunjenjemera. Mzinda wonse wawerenga. Dzulo wogulitsa masoseji pakona apa wandifunsa, "Kodi mdala uja akutha kugwira supuni?" Mwana wa a Lindig, Liese, wabwera kuchokera ku Halle akulira, akuyesa bambo ake adwala. Ine zandiwawa. Kumuchotsa munthu ntchito n'kwina. Koma kumuphera dzanja iye ali moyo, kuti pasapezeke wina womupatsa ntchito? Ayi, bwana. Zimenezo n'zauve.

A Fink, musandikodole. Khalani pansi, mowa wanu ukuphwa.

Nonse mukuzidziwa nyumba za lendi za kuseri kwa siteshoni. Madzi amatsika m'makoma, ana akutsokomola chaka chonse. Mwini wake ndi khansala Brandeis, mlamu wawo wa bwana Rautenberg. Achimwene anapitako, anaona, anabwera n'kujambula nsikidzi yonenepa, yovala chipewa chachitali, itakhala padenga. Nkhope yake ndi ya khansalayo, simungaiphonye. A Fink atauona mwalawo anatuwa. Anati, "Nolte, ukhule mwala uwu ndi mchenga, chithunzi chifafanizike." M'mawa mwake tinangomva kuti dzanja la a Lindig likunjenjemera.

Ndinaukhula, bwana. Pitani mukaone, uli mbee. Koma inu mwabwera posachedwa, munazolowera kugulitsa mowa, mwambo wa kumakina simuudziwa. Kwathu kuno mwala sukhulidwa usanalawe pepala. Wojambula amayenera kuona ntchito yake, ngakhale ikhale yokanidwa. Anandiphunzitsa choncho amene anandiphunzitsa ntchito, ndipo sindinaphonyepo. Kungoti ulendo uno dzanja langa ndi limene linavuta. Linakana kusiya kudinda.

Mwadya bwino nkhumba ndi kabichi? Nyamulani mbale zanu. Pepala limene lili pansi pa mbalelo, litembenuzeni.

Eya. Ndi imeneyo nsikidziyo.

Liese, mwanawe, pukuta misozi, uyang'ane miyendo ya kachilomboko. Ona ubweya uliwonse, woonda ngati tsitsi, wowongoka. Ona ana ali pawindopo, aliyense ndi nkhope yakeyake. Dzanja lonjenjemera lingajambule zimenezo? Bwana Rautenberg, pepala lanulo ndiye likugwedera. Kaya ndi mphepo.

Ndikudziwa kuti Lolemba dzanja langanso lipezeka ndi matenda. Palibe kanthu. A Fink, polemba musalakwitse dzina, ndi Nolte.

Achimwene Ottmar, pitani mukapume. Mukalime mbatatesi kudimba lanu, mukagone mpaka dzuwa likuwotcheni kumapazi. Mayi Hedwig, bisani nsalu za patebulo. Koma makalawo musawalande.

Anzanga, pindani mapepalawo, muike m'matumba, mukaonetse kwanu ndi kwa wogulitsa masoseji. Mwatero? Manja ali pa mpata tsopano. Amene manja awo sakunjenjemera, tiyeni tiwaombere m'manja a Lindig!